Tebulo la Alendo Linalibe Atelala

Lolemba, 8 Juni

Azakhali andiimbira ndili m'basi, foni ili pansi penipeni pa chikwama monga mwa masiku onse. Moni sanamalize n'komwe. "Iwe mwana, kompyuta yako ija ingandiuze amene wakhalitsa osaona mlendo?" Akamati kompyuta yako amanena pulogalamu imene kampani yathu inapangira nyumba yosamalira okalamba, kumene iwo ndi namwino wamkulu. Ine ndimangoiyang'anira, koma kwa azakhali chilichonse chokhala ndi batani ndi changa, ngakhale ketulo ikafa amaimbira ine.

Loweruka lililonse kumabwera anthu odzipereka kudzacheza ndi okalambawo. Ndi ochepa, ndipo akalowa amathera kwa amene zipinda zawo zili pafupi ndi khomo, kapena kwa a pakamwa potsekemera. A kumapeto kwa kolido amangomva kuseka chapatali. Ndiye azakhali akufuna mndandanda: wokhalitsa osayenderedwa pamwamba, woyenderedwa dzulodzuloli pansi. Odziperekawo aziyambira pamwamba n'kulekezera pamene anthu awathera. Aufuna pofika Lachinayi, kuti mayi wotsogolera gululo agawe anthu ake.

Ndavomera msangamsanga. Mu detabesi yawo, nkhokwe ya zolemba za mu kompyutamo, muli matebulo awiri. Lina ndi la okalamba: dzina, chipinda ndi zina zotero. Lina ndi la alendo, mmene mlonda wa pakhomo amalemba kuti wabwera ndani, kwa ndani, tsiku liti. Tsiku limene ndikufuna kusanjira silili m'tebulo la okalamba, lili kutsidyako. Kuwalumikiza kaye ndi JOIN, kenako kusanja potsata tsiku ndi ORDER BY, basi. Tiyi sangazizire ndisanamalize.

Ulendo wonse ndakhala ndikuwaona matebulowo ngati nyumba ziwiri zoyang'anizana, msewu pakati, mawindo otsegula, makatani akuuluka. Siteji yanga ndaipitirira. Kondakitala anachita kundigwedeza paphewa.

Lachiwiri, 9 Juni

Ndapita kukaona kompyuta ya pakhomo ija, poti mlonda amati ikuchedwa. Ilibe vuto. Chiigulireni sanaizimitsepo, nayo yatopa.

Malowo amanunkhira sopo wokolopera, mafuta opaka mawondo ndi tiyi woiwalika. Chipinda choyamba ndi cha Mayi a Ndolo. Ndawatcha choncho chifukwa ndolo zawo zimafika paphewa ndipo zimalira akamaseka. M'chipindamo munali ana, zidzukulu, mpongozi wina atanyamula fulasiki, khanda likukwawa pansi pa bedi. Lachiwiri masana! Mlonda akuti dzanja limamuwawa chifukwa cholemba alendo a banja limeneli.

Ndinatsata azakhali mpaka kumapeto kwa kolido, kumene nyali ina imaphethira. Chipinda chomaliza, chitseko chotsegula. Bambo wokalamba atakhala pawindo loyang'ana kugeti, shati yoyera yosita bwino, tepi yoyezera ili m'khosi. Sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana mikono yanga.

"Jekete imeneyo si yanu," anatero.

Zoona, ndinaigula pakaunjika. Mikono yake imameza zala zanga zonse, ndikamatayipa ndimachita kuipinda.

"Mwiniwake anali munthu wamtali, wodzikonda. Inu mukungokhalamo ngati munthu wochita lendi."

Ndinaseka mpaka azakhali ananditsina. Potuluka anandiuza kuti bambowo anali telala, mkazi wawo anamwalira kalekale, ndipo shati amasita okha, salola wina aigwire. Ndinafunsa za achibale. Azakhali anangokweza mapewa, belu linalira kuchipinda china, nkhani inathera pomwepo. Dzina lawo ndaliona pachitseko, koma kwa ine ndi Atelala.

Madzulo ku ofesi ndayesa JOIN uja. Zatuluka, koma abale! Mayi a Ndolo pamwamba, Mayi a Ndolo pakati, Mayi a Ndolo pansi, tsamba ndi tsamba. Ngakhale mu kompyuta adzaza nyumba yonse. Ndatseka ndabwerako, mutu waima.

Lachitatu, 10 Juni

Magalasi, mnzanga wa desiki yoyandikana, anasuzumira pa sikirini yanga akutafuna chivindikiro cha cholembera. "Aise, wafunsa maulendo, ndiye yakupatsa maulendo. Mlendo aliyense akabwera, mayiwo akubadwanso. Iwe ukufuna munthu mmodzi, mzere umodzi." Ndiye GROUP BY kuti aliyense aoneke kamodzi, ndi MAX kuti pa masiku ake onse itenge lomaliza lokha. Mayi a Ndolo anasonkhana kukhala munthu mmodzi, n'kutsika kukakhala pansi penipeni, phee. Ndinamuuza Magalasi kuti mutu umodzi susenza denga. Akuti denga limeneli wasenza yekha, ine ndinangogwira makwerero.

Nthawi ya nkhomaliro ndinatsamira pa desiki, tulo tinandiba pang'ono. Nyumba ziwiri zija zinabweranso. Anthu a m'nyumba ya alendo amatuluka mmodzimmodzi, kuwoloka msewu, aliyense n'kugwira dzanja la wokalamba wake, n'kuima pamzere awiriawiri ngati ana a sukulu. Kunali kuwala kwachikasu, kofunda. Mzere unayamba kuyenda, ine ndili kutsogolo ndi kambendera, wonyada kwabasi. Pambuyo pathu katani ina imagwedezekabe pawindo, koma sindinacheuke. Ndinadzuka kiyibodi itandidinda patsaya.

Lachinayi, 11 Juni

Ndatumiza m'mawa. Azakhali ayankha mawu awiri okha: "Wagwira ntchito." Kwa iwo kumeneko ndi kulira ndi chimwemwe.

Ndabwerera kunyumba wapansi, kudzera msewu wa mashopu. Ndimaganiza za agogo amene ali pamwamba pa mndandanda, mmene adzadabwire chitseko chikagogodedwa. Ndimadziona ngati munthu amene wakonza kanthu padziko, ndipo ndinapatsa moni ngakhale galu wa pagalaja.

Kuchipinda kwanga ndatsuka makapu onse awiri. Yachiwiriyo ndimaitsuka fumbi lokha. Ndinaigula nditangosamukira mumzinda uno, poganiza kuti munthu sagula kapu imodzi ngati mfiti. Dzuwa lisanalowe wina anagogoda, ndinathamanga, tsitsi ndikulikonza m'njira. Anali alendo a neba, alakwitsa khomo. "Pepani achemwali." Palibe kanthu, khomo lake ndi ilo. Mawu amenewa ndimawanena bwino kwambiri tsopano.

Lachisanu, 12 Juni

Lero zandivuta.

M'mawa ntchito inali yochepa, ndiye ndinayamba kulota masana, ndikupinda mikono ya jekete. Ndinakumbuka Atelala, ndinati ndione kuti ali pati pa mndandanda wanga wokongola uja. Pamwamba palibe. Pakati palibe. Pansi Mayi a Ndolo okha. Ndinafufuza ndi dzina, ndinafufuza ndi nambala ya chipinda. Zii. Ndinaganiza kuti amwalira ndipo wina wawachotsa kale.

Ndinatsegula tebulo la okalamba: alimo, bwinobwino. Ndinatsegula la alendo n'kufunsa za iwo. Palibe mzere ngakhale umodzi. Chibwerereni m'nyumba imeneija, mlonda sanalembepo munthu wobwera kwa iwo.

Magalasi anavula magalasi ake, zimene sachita kawirikawiri. "JOIN wamba amatenga okhawo amene ali ndi mnzawo kutsidya. Wopanda mnzake samuika pamwamba, samuika pansi, amangomusiya panja. Ndipo sakuuza." Anavalanso magalasiwo. "Nanenso sindinaone, aise. Tinatanganidwa ndi mayi ambirimbiri aja."

Ndiye kuti ndinapanga mndandanda wa anthu osowa alendo, n'kusiya panja munthu yekhayo amene sanaonepo mlendo. Ndinachita manyazi mpaka makutu anatentha.

Kukonza kwake kunali liwu limodzi: LEFT JOIN, kuti wokalamba aliyense atuluke, kaya ali ndi mlendo kaya alibe. Atelala anatulukira. Pamalo pa tsiku panalembedwa NULL, mawu amene detabesi imalemba ikasowa choyankha. Koma inawaponya pansi penipeni, kunsi kwa Mayi a Ndolo, ngati kuti alendo awo angotuluka kumene. Ndinachita kuiuza kuti opanda tsiku aziyamba ndiwo. Pamenepo anakwera pamwamba, okhaokha. Ndinawayang'ana nthawi yaitali.

Ndinaimbira azakhali ndili pamasitepe.

"Azakhali, mndandanda uja munauwerenga?"

"Ndiuwerenge nthawi yanji? Ndinangoukankhira kwa mayi wa gulu uja. Wophunzira si iwe?"

Ndinawafotokozera kuti Atelala anatsala panja.

"Mwana iwe, wandipha. Dzulo bambo amenewo ndinawauza ine, ndi pakamwa pangapa, kuti tsopano kompyuta izisankha amene wadikira kwambiri. Anandifunsa kuti, 'Ndiye kuti ndine?' Ndinati nanga n'kukhalanso ndani? Lero apempha ayironi m'mamawa. Apemphanso mpando wachiwiri, tawaikira kale m'chipindamo."

"Sitingasinthe?"

"Odzipereka agawana kale, ndipo okalamba a pamwambawo tawauza onse. Ndimulande ndani? Agogo osaona amene ali pamwamba pa mndandanda aja? Loweruka linalo adzayambira kwa bambowo, chabwino. Koma mawa ndi mawa, ndipo ine kulibe, ndili kumsonkhano."

Mpando wachiwiri. Tsiku lonse ndakhala ndikuuona, ngakhale ndinali ndisanauone n'komwe. Ndimauona wathabwa, wokhala ndi kansalu, atautembenuzira pang'ono kuwindo.

Loweruka, 13 Juni, m'mawa

Jekete ndinaichapa dzulo, m'khwapa simunaume. Ndiivala choncho.

Loweruka lomwelo, madzulo

Ndinafika odzipereka atalowa kale. Mlonda anangondikodola ndi mutu, kwa iye ndine wa kompyuta, si mlendo. M'kolido monse munali phokoso, zitseko zotsegula, wina akuwerengera agogo osaona aja nyuzi mokweza ngati kuti ndi makutu amene anafa. Ndikamayandikira kumapeto phokoso limachepa, mapazi anga okha ndiwo amamveka. Ndinaganiza zobwerera. Ndinali ndisanakonze n'choti ndikanene.

Mpandowo ndi wapulasitiki, wobiriwira. Koma anautembenuziradi kuwindo.

Atelala anavala tayi. Anaimirira movutikira, dzanja lili pandodo.

"Odi, agogo."

"Lowani, lowani. Ndinu amene kompyuta yasankha?"

Bodza linali pafupi, lokonzeka. Koma ndinati, "Ayi agogo. Ine ndi amene ndinaisokoneza kompyutayo." Ndinawauza zonse, ndikuyang'ana nsapato zawo zopukuta bwino: kuti dzina lawo linatsala panja chifukwa cha ine, kuti odziperekawo lero safika kuno, kuti adzabwera Loweruka linalo.

Anamvetsera osandidula. Kenako anati, "Ndiye mwabwera kudzapepesa kapena kudzacheza?"

"Sindikudziwa, agogo."

"Khalani pansi, tidziwira pomwepo. Ndipo vulani jekete imeneyo, ikundipweteka m'maso kuyambira Lachiwiri."

Anatulutsa kachitini ka mabisiketi m'dirowa. M'katimo singano, ulusi, sizasi, kachoko koyera kosalala ngati sopo wotha. Anandiyeza kuyambira paphewa mpaka pamfundo ya dzanja, nalemba kamzere pa mkono uliwonse. "Yanyowa m'khwapa," anatero. "Munathamangira chiyani?" Kulowetsa ulusi pasingano anandipatsa ine, akuti ntchito imeneyo inali ya malemu mkazi wawo, iwo sanaiphunzire dala.

Kenako anayamba kusoka, nkhani zikutuluka zokha. Kashopu kawo kanali pakati pa wogulitsa mankhwala ndi wokonza mawotchi. Madiresi a ukwati amapachikidwa pakhomo, mphepo ikawomba amavina okha akwati asanabwere. Mayina a makasitomala anawaiwala, koma matupi ayi: bambo wa phewa limodzi lotsika, mayi amene amabisa mimba pomuyeza n'kudzabweza diresi kuti yathina. "Ndimayesa ndi abale anga," anatero. "Koma kasitomala ndi m'bale wa mashini. Mashini itaima, chibale chinatha." Ananena mosadandaula, akuluma ulusi.

Dzuwa limalowa pawindo n'kugona pamaondo panga. Singano imati tswi, tswi m'nsalu. Ndikuganiza kuti ndinawodzera, chifukwa ndinaona kashopu kaja, madiresi oyera akuwoloka msewu okha kupita kunyumba yakutsidya, ine ndikuwatsegulira chitseko. Nditatsegula maso Atelala amandiyang'ana chapamwamba pa singano.

"Mlendo wogona ndiye wabwino, sathamangira kupita. Nanga inu kwanu amabwera ndani?"

"Olakwitsa khomo."

Anaseka mpaka kutsokomola, ndinachita kuwapatsa madzi. Nane ndinaseka. Aka kanali koyamba kuzinena mokweza.

Nditati ndizipita anafunsa ngati mlonda anandilemba. Ndinati ayi, ndinangodutsa.

"Ndiye kuti simunabwere. Tiyeni."

Ndinati ndikalembetsa ndekha, apume. Anakana. Anakonza tayi, natenga ndodo, tinayamba ulendo wa kolido yonse, pang'onopang'ono, jekete ili pamkono pawo ngati ya kasitomala. Pakhomo lililonse lotsegula amaima. Palibe amene anawafunsa, koma amanena ndithu, mokweza: "Ndikuperekeza mlendo wanga." Kwa agogo osaona aja ananena kawiri. Mayi a Ndolo anatulutsa mutu pakati pa zidzukulu zawo, nati, "Aa, achimwene, mwabisa mwana wokongola chonchi zaka zonsezi?" Atelala sanatsutse.

Pakhomo mlonda anatsegula kompyuta. Mndandanda watsopano unali pa sikirini, Atelala pamwamba, malo a tsiku opanda kanthu. Mlonda analemba dzina langa, chala chake chinapita pa batani losungira, ndipo m'pamene ndinazindikira.

"Dikirani kaye!"

Onse awiri anandiyang'ana.

"Agogo, akangosunga, kompyuta iona kuti mwayenderedwa lero. Muchoka pamwamba, mutsika pansi penipeni. Odzipereka aja Loweruka sadzayambiranso kwa inu, adzafika patapita nthawi yaitali. Bwanji tisalembe? Palibe adziwe."

Mlonda anati iye sanamve kalikonse. Atelala anawerama, nayandikitsa nkhope pa sikirini.

"Pansipo pali ndani?"

"Mayi a chipinda choyamba aja."

"Amene ana awo amabwera tsiku lililonse?"

"Eya."

"Ndiye ndikakhala pafupi ndi iwowo?"

"Mzere wotsatira."

Anawongoka. "Lembani, bambo. Pamwambapo ndakhalapo mokwanira."

Mlonda anadina. Dzina linachoka pamwamba. Atelala anati atsitse, aone. Mlonda anatsitsa mpaka pansi: Mayi a Ndolo, kenako iwo, ndi tsiku la lero pambali pake. Analiwerenga tsikulo ndi chala, osagunda galasi. Ine ndimayang'ana kugeti, maso anali atandilemera.

Anandiveka jekete okha, nakonza kolala. Ndinatambasula manja. Mkono wamanja unathera pamfundo penipeni, dzanja langa lonse lili poyera ngati la munthu wina. Wamanzere unali chimodzimodzi monga kale, zala zobisika.

"Agogo, winawu?"

"Kwada. Maso anga saona ulusi wakuda madzulo."

Dzuwa linali lidakali pamwamba pa denga la galaja, mlonda amachita kudzitchinga kumaso ndi dzanja. Ndinawayang'ana Atelala. Iwo amayang'ana tayi yawo, akuchotsa kaulusi kamene panalibe.

"Mudzabwere nayo youma," anatero.

M'basi munalibe malo okhala. Ndagwira chitsulo ndi dzanja loonekalo. Mayi wina amayang'ana mkono uwu, kenako uwo, kenako ine. Wamanzere udakali ndi kamzere ka choko pamene adzadule, ndipo ulendo wonse ndimaupinda pachifuwa kuti anthu asakafufute podutsa.